Pampu ya Mkuwa ya Bambo

Rosettenville, Joni
6 Ogasiti 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Bangwe, pamodzi ndi mawondo anu ovutawo. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kulibe chisoni. Mlongo wanga Ethel akuti mwakananso kuyankhula nane pafoni yake, ati mumangomva ngati wina akukazinga chimanga m'khutu. Chabwino, ndagonja. Ndizilemba, a Godfrey azikusiyirani akamabwera ndi katundu wa anthu. Paja inu mumati mawu a pafoni amauluka, a papepala amakhala.

Ya m'magadeni ija ndaisiya. Hawkins, mnzanga wa ku Chilomoni amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, wandipezera ntchito m'shopu yogulitsa zinthu zakale. Amayi, azungu a kuno ndi odabwitsa. Simbi yamakala, wailesi yosalira, nyale yopanda galasi, zonse zimene ife timaponya kudzala iwo amagula, ndipo zikachita dzimbiri mpamene amazikonda kwambiri. Za kuseri kwa nyumba yathu zija zikanakhala kuno, bwenzi tili mabwana.

Tsiku lachitatu abwana ananditengera m'kachipinda ka kuseri nkundionetsa bokosi. Ndinatsegula. Munali zozimitsira moto zakale khumi ndi ziwiri, zamkuwa, zofanana ndendende ndi pampu ya bambo imene ili pakhoma pathu pansi pa chithunzi cha Mtima Woyera. Ntchito yanga ndi kupopa mankhwala a m'katimo kuti atheretu, chifukwa ogula amangofuna zokongoletsera m'nyumba. Akuti mabokosi ena ali m'njira. Nditangopopa koyamba, fungo lija linandimenya, lotsekemera, lozizira m'mphuno. Ndinaona bambo ali pakhonde Lamlungu masana, yunifomu ya ulonda ili pabondo, akudonthezera mankhwala a m'pampu pakansalu nkumachotsa mafuta amene atenga ku nyumba yosungira fodya ku Limbe. Ndinalira, Amayi, ine munthu wandevu. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mumadonthezera pampango wawo nkuuika pansi pa pilo mukawasowa. Ndinkakusekani, ndasiya.

Mumuuze Ethel ajambule pampuyo, makamaka kachikwangwani ka pamimba pake, anditumizire. Ndikufuna kudziwa kuti ili ndi zaka zingati.

Ndapatsira a Godfrey bulangete, mafuta ophikira ndi nsapato zanu za kutchalitchi. Bulangetelo mufunde, musalisunge m'sutikesi kudikirira alendo.

Ndine mwana wanu,
Rafaeli


27 Ogasiti 2023

Amayi,

Moni. Ndakondwa kumva kuti nsapato zakukwanani ndiponso kuti chifuwa chija chatsika. Ine ndilipo, kupatula mutu umene ukundiwawa madzulo alionse ndikaweruka. Kachipinda kogwiramo ntchito kaja kalibe zenera, ndipo chitseko ndimatseka chifukwa cha mphepo. Chakudya sichikundikomera, koma amene amaphika ndi Hawkins, ndiye musadabwe.

Chithunzi chija ndinaonetsa abwana. Anavala magalasi, nkuonjeza galasi lina lokulitsa zilembo, kenako anagwira kumutu. Akuti, “Ndani wakhala akukwecha chinthu chimenechi?” Ndinangoti ndi mlongo wanga. Pepani kwa Ethel, koma sindikanatchula inu kwa mzungu.

Andiphunzitsa kawerengedwe kake. Pakachikwangwanipo pamakhala dzina la opanga, nambala ya pampuyo, ndi zaka zingapo zondandalika. Zakazo si za tsiku limene inapangidwa ayi, ndi zimene opangawo analembetsa luso lawo kuboma la kwawo. Munthu umayang'ana chaka chomaliza, nkudziwa kuti pampuyo inapangidwa chitapita chaka chimenecho. Zakale kwambiri zimakhala ndi kachikwangwani kamkuwa ka zilembo zotukuka, zapambuyo pake amangomatapo chopakapaka chimene chimasupuka. Yathu ndi ya zilembo zotukuka, ndipo chaka chomaliza chikuoneka 194, basi. Nambala yotsiriza inadyedwa ndi phulusa ndi mandimu anu, Amayi. Zaka khumi ndi chimodzi mukuikwecha Loweruka lililonse ngati poto! Choncho sitidzadziwa bwinobwino, koma abwana akuti mwina inabadwa bambo asanabadwe. Akuti mkuwa wakale sakwecha, amangopukuta ndi nsalu youma, kuda kwakeko ndiye umboni wa ukalamba wake.

Anati popeza ili ndi chokolekera chake cha pakhoma, iwo angapereke marandi 1,500. Ndangokuuzani kuti mudziwe, sindikuti tigulitse. Ndikudziwa kuti ndi mphatso yokhayo imene bambo anapatsidwa kuntchito, kampani itagula zofiira zatsopano.

Ndamva kuti azakhali a Petronela anabwera kudzakuonani ndipo simunawapatse mpando. Amayi, zimene ananena pamaliro a bambo, zoti mchimwene wawo ankamwa mobisa, inenso zimandipwetekabe. Koma ndi okalamba tsopano, ndipo ulendo wochokera ku Zingwangwa si wapafupi. Akadzabweranso muwapatseko ngakhale madzi.

Za mapepala anga musafunse kaye. Zikuyenda pang'onopang'ono.

Rafaeli


10 Seputembala 2023

Amayi,

Ndikhulupirira muli moyo. Kalatayi muwerenge kawiri, ndipo Ethel akhale pafupi.

Lachinayi m'shopu munalowa mdala wina wa Chizulu kudzafuna wotchi yapakhoma. Atangoima pakauntala anayamba kununkhiza m'mwamba, nkulunjika kuseri osapempha. Anandipeza ndikupopera m'beseni. Anandigwira pakolala nkundikokera panja ngati mwana wogwera m'chitsime. “Ukufuna kufa, mnyamata?” Ndinkayesa ndi wamisala, koma anagwira ntchito yozimitsa moto zaka makumi atatu. Anawakalipira abwana mpaka anafiira makutu. Kunena zoona abwanawo sankadziwa, iwo amadziwa mitengo ya zinthu basi.

Mdalayo anati mankhwala a m'mapampu amenewa analetsedwa kalekale. Dzina lake ndi lalitali, kaboni tetirakoloraidi. Amalowa m'thupi popuma, amalowanso pakhungu, ndipo amawononga chiwindi ndi impso mwakachetechete. Akakumana ndi moto amasanduka utsi woopsa kuposa pamenepo. Fungo lokomalo ndiye poizoniyo, Amayi.

Ndiye chonde, pampu ya bambo musaipopenso, ngakhale kadontho. Mukankhire chogwirira chake m'kati nkuchipotoza kuti chitsekeke. Ethel ayang'ane kukamwa kwake: ngati pali zoyerayera kapena zobiriwira zouma, ndiye kuti ikudontha. Avale majumbo m'manja, aichotse pakhoma, aikulunge m'mapulasitiki awiri okhuthala, aiimike m'ndowa yamchenga. Ndowayo ikakhale m'kashedi ka makasu kuseri, pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, ndipo pachitseko pakhale loko. Mankhwalawo musathire m'chimbudzi kapena mumngalande, madzi ake amathera kwa anthu a kumunsi. Anyamata ogula zitsulo aja asaione nkomwe, angakaidule kapena kuiika pamoto. Ethel akapeza mpata apite kwa ozimitsa moto akafunse ngati angaikhuthule iwowo.

Mpango wa pansi pa pilo uja nawonso muutulutse.

Ndikudziwa kuti ndakupemphani chinthu chachikulu. Ndikanakhala ndi njira ina sindikanalemba.

Mwana wanu,
Rafaeli


24 Seputembala 2023

Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Ndathokoza kuti muli bwino, ndipo zikuoneka kuti dzanja lanu lili ndi mphamvu, chifukwa cholembera chinaboola pepala malo awiri.

Mwati pampuyo yakhala m'nyumba mwanu kuyambira ine ndili kusukulu ndipo sinaphe ngakhale mphemvu. Mwati mdala wa Chizuluyo sanakwatiwepo ndi Ignasio wanu, ndiye asakuuzeni zochita ndi katundu wa Ignasio. Apo ndinaseka. Koma pamene mwati ndapangana ndi mzungu wanga kuti ndikuopsezeni, pampuyo ikapita kushedi Ethel aipereke kwa a Godfrey ine ndidye marandi, pamenepo sindinaseke. Zandiwawa, Amayi. Ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi, ndagonapo pansi pa masitepe, ndathawapo apolisi nditanyamula fosholo ya mwini, koma sindinagulitsepo ngakhale supuni ya m'nyumba mwanu. Ndinalakwa kutchula mtengo uja, ndavomera.

Ethel akuti atafika ndi majumbo munamuthamangitsa ndi tsache, ndipo tsopano pampuyo mwaichotsa pakhoma nkukaiika kuchipinda kwanu, kumutu kwa bedi. Ndiye kuti kalata yanga yaisendeza pafupi ndi mphuno zanu. Ndikanadziwa ndikanangokhala chete.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi pa 2 Novembala. Ndikudziwa mmene mumachitira tsiku lokumbukira akufa. Mukabwera kumanda mumatseka mazenera onse kuti fungo lisathawe, mumayatsa makandulo anayi patebulo, mumapopera m'mbale kawiri, nkukhala pamenepo ndi kolona mpaka makandulo atatha. Chaka chatha Ethel anakupezani mutagona pampando mutu ukuwawa, inu nkumati ndi kulira. Sikunali kulira kokha.

Mwafunsa chifukwa chake zilembo zanga zikupendama. Ndikulembera pabondo, tebulo tinabwereketsa. Kuntchito andipatsa masiku opuma. Ndatumiza shuga ndi sopo, mwezi uno zangokwana zimenezo.

Rafaeli


8 Okutobala 2023

Amayi,

Moni wa Ambuye. Musadabwe ndi zilembozi, akulemba ndi Hawkins, ine ndikungonena. Dzanja langa lamanja lavulala pang'ono, si nkhani yaikulu. Ndili pamalo abwino, akundisamala.

Sabata ziwiri zapitazi sindinathe kuyankha mafoni a Ethel. Muuzeni asade nkhawa, ndipo asamafunse anthu a ku Bangwe amene ali kuno, amakonda kukulitsa nkhani.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mundikhululukire.

Kwatsala masabata atatu ndi masiku ochepa kuti Novembala afike. Chonde, Amayi, ya pampu ija.

Rafaeli

Mayi, ine Hawkins ndawonjezera mzere uwu iye asakudziwa. Mumvereni mwana wanu.


22 Okutobala 2023

Amayi anga,

Lero ndalemba ndekha, ngakhale zinditengera tsiku lonse, chifukwa mwauza Ethel kuti kalata ya dzanja la mwini si kalata ya mwana wanu. Munanena zoona, ndipo munali bodza m'menemo. Dzanja langa silinavulale. Munali singano ya diripu.

Ndili m'chipatala kuyambira pa 27 Seputembala. Ndinayamba kudwala kale, nthawi imene ndinkakuuzani za mutu ija. Kenako kusanza, kenako mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Kuchipatala ndinkaopa chifukwa cha mapepala anga, ndinkangomwa mapanado. Tsiku lina m'mawa Hawkins anandiyang'ana nkunena kuti, “Aise, maso akowo.” Nditatenga kagalasi ndinaona maso achikasu, ndipo sanali achilendo kwa ine. Ndinawaona koyamba mu 2012, pankhope ya bambo. Tsiku lomwelo ndinagwa pabafa.

Dokotala wake ndi mayi wamng'ono, mwina msinkhu wa Ethel. Atayeza magazi anandifunsa kuti, “Mumamwa mabotolo angati patsiku?” Ndinati sindimwa. Anati, “Bambo, ine sindine wansembe, ndiuzeni zoona. Chiwindi sichinama.” Amayi, mawu omwewo! Mukukumbukira azakhali a Petronela ataima pakhomo pathu anthu ali tho, akuti, “Mchimwene wanga ankamwa mobisa, chiwindi sichinama.” Mukukumbukira a kwaya, anzawo a bambo, akuyang'ana pansi. Mukukumbukira bambo ali pamphasa mimba itatupa, akulumbira kuti chiyambire ukwati wanu sanalaweko ngakhale kapu imodzi.

Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo. Ine ndinawakhulupirira azakhali. Ndinkati munthu wogwira ntchito yaulonda, kutali ndi maso a mkazi wake, ndani angadziwe? Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuwapempherera bambo ngati munthu amene anafa ndi bodza pakamwa. Ndili ndi manyazi aakulu.

Hawkins anapita kushopu nkubwera ndi pampu imodzi yopanda kanthu, anaiika pabedi. Dokotala uja anawerenga kachikwangwani, anatuluka, anabwera ndi mnzake wamkulu. Atabweranso anandipepesa. Ndinawerenga ndekha kuti ndinakhuthula mapampu makumi atatu ndi limodzi m'masabata asanu, chitseko chili chotseka.

Nditapezako mphamvu ndinamufotokozera za bambo: kuti Lamlungu lililonse, kwa zaka zoposa makumi awiri, ankanyowetsa kansalu ndi manja osavala kanthu, nkhope ili pafupi ndi yunifomu, ndipo pampu ikatha ankaidzazanso kuchokera m'chigubu chimene anapatsidwa kuntchito. Ndinamufunsa ngati ndi chimene chinawapha. Anati, “Munthu amene sindinamuyeze sindingamulumbirire. Koma akanakhala bambo anga, sindikanalola aliyense kunena kuti ankamwa.”

Amayi, bambo sananame. Inu nokha ndi amene munawakhulupirira, ndipo munkalondola. Ankangofuna kupita kuntchito ndi yunifomu yoyera.

Ine akuti ndichira, chifukwa ndinasiya msanga ndipo chiwindi cha munthu wosamwa chimadzikonza. Impso ndi zimene akuziyang'anabe. Inu muli ndi zaka 68, ndipo mumamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Sindikukuopsezani kuti ndigulitse kanthu. Pampuyo ndi yanu, ikakhuthulidwa idzabwerera pakhoma pomwepo, ndipo ndidzaikoleka ndekha. Koma fungo limene mumati ndi la bambo ndi limene linatilanda bambo, ndipo latsala pang'ono kukulandani ine. Musalipatse munthu wachitatu.

A Godfrey anyamuka Lachiwiri, akuti afika Lachisanu malire akapanda kuvuta. Ndawapempha kuti akupatseni m'manja, ndipo asachoke mpaka mutawerenga.

Ndine mwana wanu amene amakukondani,
Rafaeli


12 Novembala 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo ulendo uno ndikamati ine ndili bwino ndikunena zoona. Ananditulutsa pa 3. Maso ayera, kwatsala pang'ono m'mbali. Ndikudya ngati dzombe, mpaka Hawkins wayamba kubisa buledi.

Kalata yanu ya mizere isanu ndaiwerenga kosawerengeka. A Godfrey akuti munawerenga yanga muli chiimire pakhonde, kenako munalowa m'nyumba, iwo nkumaganiza kuti mwakatenga tsache. Munatuluka mutanyamula pampu ngati khanda. Ethel wanditumizira chithunzi: mapulasitiki awiri, ndowa yamchenga, loko watsopano pashedi. Ndaona kuti pamwamba pa ndowayo mwafunditsapo chitenje chanu cha Amayi Achikatolika. Zimenezo mdala wa Chizulu uja sananene, koma sindikuona cholakwika. Ozimitsa moto akuti tidzapite nayo ine ndikabwera, adzatiuza koyenera kukaikhuthulira.

Za kumanda Ethel wandifotokozera zonse. Akuti Misa itatha munawagwira dzanja azakhali a Petronela nkupita nawo pamanda a bambo, a kwaya akutsatira, ndipo munatulutsa kalata yanga nkuiwerenga mokweza, ndi mawu anu aja a munthu wosamva amene amafika mpaka kumsewu. Ngakhale za mkodzo, Amayi! Bangwe yense tsopano akudziwa mtundu wake. Akuti azakhali anakhala pansi padothi nkuyamba kulira m'Chisena, kupepesa mchimwene wawo, ndipo inu munawasiya alire kaye musanawadzutse. Akutinso madzulo ake munawapatsa mpando, mazenera onse ali otsegula. Takhuta, Amayi, monga ankathokozera bambo m'Chisena.

Kushopu sindibwererako. Abwana anabwera kuchipatala kawiri, achita zimene akanatha, ndipo kachipinda kaja akuti aboola zenera. Koma ine ndikangomva fungo la polishi mtima umachita nseru. Ndikwera ndi a Godfrey pa 9 Disembala. Sindibwera ndi zambiri, musauze anthu. Mundisungire mango a mtengo wa kuseri, ana a kwa aneba asamalize.

M'kalata yanu mwatchula ndowa, mwatchula loko, mwatchula azakhali. Mpango wa bambo simunautchule. Ndimakudziwani, ukadali pansi pa pilo. Ndinafunsa dokotala, ndipo akuti mankhwalawo sakhalitsa pansalu, amauluka. Ndiye musautaye. Muuchape ndi sopo, muuyanike padzuwa masiku awiri, kenako muubwezere pomwepo. Sudzanunkhiranso kanthu, ndikudziwa, ndipo masiku oyamba zidzakuwawani. Ndikafika mudzandiuze za bambo zonse zimene ndinkakana kumva, kuyambira tsiku limene munawaona koyamba ku Nsanje. Ulendo uno ndidzakhulupirira chilichonse.

Ndine mwana wanu,
Rafaeli